GIULIO REGONDI: MWANA WODYEREDWA MASUKU PAMUTU AMENE ADASANDUKA KATSWIRI WA GITALA NDI KONSETINA

Ambiri a ife tikamva za gitala timaganiza za chida choperekezera kwaya kapena bandi: wina akuimba mawu, wagitala akumutsatira pambuyo. Koma ku Ulaya kuli mwambo wina wakale wa kaimbidwe ka gitala. Munthu mmodzi amakhala pampando, popanda ng'oma, popanda woimba pakamwa, ndipo gitala yokhayo ndi imene imayankhula kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Zala zina zimatsogolera nyimbo, zina zimavomera, chala chachikulu chikugwira besi, zonsezi nthawi imodzi, ngati kuti kwaya ya mawu anayi yalowa m'bokosi limodzi.

Mmodzi mwa akatswiri otchuka a kaimbidwe kotere adali Giulio Regondi, amene adakhala ndi moyo kuyambira cha m'ma 1822 mpaka 1872. Iyeyu sadatchuke ndi gitala yokha ayi. Adalinso katswiri woyamba wamkulu wa chida china chotchedwa konsetina, chimene tichifotokoze bwino kutsogoloku. Mbiri yake ndi yoyenera kuti tonse tiimve, ophunzira ndi makolo omwe, chifukwa ikutifunsa funso limene silikalamba: kodi mwana akabadwa ndi luso, lusolo ndi la yani?

UBWANA WOPANDA MASEWERA

Mabuku ambiri a mbiri ya oimba amati Regondi adabadwira mumzinda wa Geneva ku Switzerland, ndipo adakulira ku Lyon m'dziko la France. Mayi ake, amene adali a ku Germany, sadakhalitse naye. Mwanayo adatsala m'manja mwa bambo wina wa ku Italy, woimba nayenso, amene ankati ndiye adamubereka, ngakhale kuti anthu ena odziwa bwino awiriwa ankakayika za zimenezi.

Bamboyu ataona kuti zala za mwanayo zikugwira msanga zimene akuluakulu amavutika nazo, adaona mwayi wa ndalama. Anthu amene adamudziwa Regondi atakula adalemba kuti ali wamng'ono ankatsekeredwa m'chipinda kuti aziyeserera gitala maola asanu tsiku lililonse. Bamboyo akachokapo, ankasiya munthu woyandikana naye nyumba kuti azimvetsera ngati gitala ikulira. Ana anzake akusewera panja, Giulio adali mkati, zala zili pa nsambo.

Tizikumbukira kuti gitala ya masiku amenewo idali yaing'ono poyerekeza ndi ya lero. Nsambo zake zidali zopangidwa ndi matumbo a nkhosa, zina za ulusi wa silika wokulungidwa ndi kawaya, ndipo kudalibe zokuzira mawu. Kuti chida chotere chimveke m'holo yodzaza anthu, woimbayo ankayenera kukhala ndi zala zamphamvu komanso zaukhondo pogwira. Izi n'zimene ankayembekezera kwa mwana wosakwana zaka khumi.

PARIS NDI LONDON

Pofika chaka cha 1830 mwanayo adali akuimba kale pamaso pa anthu mumzinda wa Paris, umene panthawiyo udali likulu la oimba gitala ku Ulaya konse. Kumeneko kudali Fernando Sor, katswiri wa ku Spain amene nyimbo zake akuziphunzirabe ophunzira gitala mpaka lero. Sor adagwidwa mtima ndi kamnyamatako kotero kuti adapeka nyimbo yotchedwa Souvenir d'amitié, kutanthauza chikumbutso cha ubwenzi, n'kulembapo dzina la Regondi. Munthu wamkulu wa zaka zopitirira makumi asanu, wolemekezeka m'maiko ambiri, kupereka nyimbo kwa mwana wamng'ono chotero, udali umboni waukulu wa luso la mwanayo.

M'chaka cha 1831 Regondi ndi bambo uja adawoloka nyanja kupita ku London. Chaka chomwecho mumzindawu mudafikanso Niccolò Paganini, kadaulo wa vayolini amene Ulaya yense ankamukamba, ndipo olemba nyuzi sadachedwe kuyerekeza mwana wa gitalayo ndi chiphona chimenechi. Anthu ankakhamukira kukaona kamnyamata ka tsitsi lalitali, kofatsa, kamene gitala inkaoneka yaikulu kuposa mwini wake. Chifukwa cha kuchepa msinkhu, nthawi zina ankaika mpando wake pamwamba pa tebulo kuti a kumbuyo amuone. Adayenda m'mizinda yambiri ya England ndi Ireland, ndipo kulikonse ndalama zinkalowa. Koma zinkalowa m'thumba la yani?

Zaka zimenezi ku Britain anthu adayamba kudandaula za ana ogwira ntchito. M'chaka cha 1833 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo loletsa kulemba ntchito ana osakwana zaka zisanu ndi zinayi m'mafakitale opanga nsalu. Koma lamuloli silidakhudze ana oimba. Mwana wovala bwino, woomberedwa m'manja ndi mabwana, palibe amene ankamuona ngati wantchito, ngakhale kuti nayenso ankadyetsa munthu wamkulu ndi thukuta lake.

TSIKU LIMENE ADATSALA YEKHA

Cha pakati pa zaka za m'ma 1830, Regondi atayamba kusinkhuka, chidwi cha anthu pa mwana wodabwitsa chidayamba kuchepa, pakuti mwana sakhala mwana mpaka kale. Apa m'pamene bambo uja adaonetsa mawanga ake enieni. Malinga ndi zimene adalemba anthu amene adamuthandiza mnyamatayo, bamboyo adamupatsa ndalama yapepala ya mapaundi asanu n'kumutumiza ku Brighton, mzinda wa m'mbali mwa nyanja. Iye mwini adasonkhanitsa ndalama zonse zimene mwanayo adapeza pa zaka zonsezo, zokwana mapaundi masauzande, n'kuthawa nazo.

Taganizani mnyamata wa msinkhu wa anzathu a Fomu 1, m'dziko la eni, wopanda mayi, wopanda mbale, amene moyo wake wonse adangophunzitsidwa chinthu chimodzi. Sankadziwa kusunga ndalama, kufuna nyumba kapena kukonza yekha zoimbaimba. Mwamwayi padapezeka mabanja achifundo amene adamulandira ndi kumulangiza. Lina mwa mabanja amene Regondi ankafikirako kawirikawiri lidali la ku Manchester, kumene kudakulira Richard Hoffman, woimba piyano amene pambuyo pake adasamukira ku New York. M'buku lake la zikumbutso, losindikizidwa m'chaka cha 1910, Hoffman adafotokoza za Regondi ngati munthu wofatsa ndi wokoma mtima.

Wina akadataya gitalayo, poti ndiyo idamulanda ubwana. Regondi sadatero. Wakubayo adapita ndi mapaundi, koma luso lidatsala m'zala za mwini wake, ndipo kuyambira pamenepo adayamba kuimba mwa kufuna kwake.

KODI KONSETINA N'CHIYANI?

Panthawi yomweyi Regondi adakumana ndi chida chachiwiri cha moyo wake. Anzathu ophunzira sayansi adamvapo dzina la Charles Wheatstone, katswiri wa zamagetsi wa ku England amene adathandiza kupanga makina otumizira mauthenga pa waya. Wheatstone yemweyu adachokera m'banja lopanga ndi kugulitsa zida zoimbira. M'chaka cha 1829 adalembetsa ku boma nzeru yake ya chida cholira ndi timalilime tachitsulo, ndipo m'chaka cha 1844 adalembetsanso konsetina yokonzedwa bwino.

Konsetina ndi kachida kogwira m'manja awiri. Mbali zake ziwiri ndi zamatabwa, za ngodya zisanu ndi imodzi, ndipo pakati pake pali mvukuto wofanana ndi uja wa osula zitsulo. Mkati muli timalilime tachitsulo tambiri, kalikonse ka mawu akeake. Woimba akakankha kapena kukoka mvukuto, kwinaku atadina batani, mpweya umadutsa pa kalilime kamodzi ndipo kamanjenjemera n'kutulutsa mawu. Amene adaimbapo limba lopopa ndi mapazi akudziwa kale nzeru imeneyi, chifukwa ndi yomweyo. Akodiyoni nayonso ndi ya m'banja lomweli.

Konsetina ya Wheatstone, imene idakhazikika ndi mabatani 48, ili ndi zinthu ziwiri zapadera. Choyamba, batani lililonse limatulutsa mawu amodzimodzi, kaya mukukankha kaya mukukoka. Chachiwiri, manotsi adagawidwa mosinthanasinthana pakati pa manja awiri. Pa mizere isanu ija imene timalembapo nyimbo, manotsi okhala pa mzere ali ku dzanja lamanzere, okhala m'mipata ali ku dzanja lamanja. Choncho poimba do, re, mi, fa, manja amalandizana ngati amayi awiri osinja mumtondo umodzi. Izi zimathandiza kuthamangitsa nyimbo mwaliwiro, ndipo popeza mawu ake otsikitsitsa ndi ofanana ndi a vayolini, nyimbo zambiri za vayolini zimatheka pa konsetina. Chovuta kwambiri ndi kuimba mawu otsogolera ndi ovomera nthawi imodzi, chifukwa zala zomwezo ziyenera kugwira ntchito zonse ziwiri. Apa ndi pamene Regondi adaposa anzake onse.

Adayamba kuimba konsetina pagulu cha m'ma 1834, chidachi chikali chachilendo, chopanda mphunzitsi, chopanda buku, chopanda nyimbo zakezake. Zonsezi adayenera kuzipeza yekha. Nzeru ya gitala, yoyendetsa mawu angapo pamodzi ndi zala zochepa, adaisamutsira pa mabatani. Kusankha konsetina kudamuthandizanso kupeza chakudya, chifukwa m'zaka zimenezo gitala idayamba kutha fasho ku England, mabanja opeza bwino atatembenukira ku piyano. Konsetina idalowa m'nyumba za anthu olemera, ndipo Regondi adapeza ophunzira ambiri.

ULENDO WA KU VIENNA NDI LEIPZIG

M'zaka za 1840 ndi 1841 Regondi adayenda ulendo waukulu pamodzi ndi Joseph Lidel, woimba chelo, chida chonga vayolini koma chachikulu ndi cha mawu a besi. Adaimba ku Vienna, ku Prague ndi m'mizinda ina ya ku Germany, Regondi akusinthanitsa gitala ndi konsetina. Kuyambira nthawi imeneyi ankaimba gitala ya nsambo zisanu ndi zitatu m'malo mwa zisanu ndi imodzi, ziwiri zowonjezerazo zili za besi.

Tsiku losaiwalika pa ulendowu lidali 31 March, 1841, mu holo yotchuka ya Gewandhaus ku Leipzig. Udali usiku wa zoimba wa Clara Schumann, mayi wodziwa piyano kwambiri. Usiku womwewo nyimbo yaikulu yoyamba ya okestra yopekedwa ndi mwamuna wake, Robert Schumann, idamveka koyamba, wotsogolera oimba ali Felix Mendelssohn. Pa mndandanda wa oimba usiku umenewo padalinso Regondi ndi Lidel. Mnyamata uja adasiyidwa ndi mapaundi asanu tsopano adaima pamalo amodzi ndi akuluakulu a nyimbo a ku Ulaya, asadakwanitse n'komwe zaka makumi awiri.

Atabwerera ku London adakhazikika kumeneko moyo wake wonse, akuimba ndi kuphunzitsa. Luso lake lidakopa opeka nyimbo ena kuti ayambe kulemekeza konsetina. Bernhard Molique, katswiri wa vayolini wa ku Germany amene ankakhala ku London, adamupekera nyimbo yaikulu ya konsetina ndi okestra, imene Regondi adaiimba m'chaka cha 1854.

NYIMBO ZIMENE ADASIYA

Pa konsetina Regondi adalemba zambiri: nyimbo zake zokha monga Les Oiseaux, kutanthauza mbalame, ndi Remembrance, nyimbo za ena zimene adazikonza kuti zigwirizane ndi chidachi, komanso mabuku ophunzitsira, limodzi mwa iwo losindikizidwa ku Dublin m'chaka cha 1857.

Pa gitala adasindikiza zochepa kwambiri. Nyimbo zisanu zokha ndi zimene zidatuluka m'chaka cha 1864 ku kampani ya André mumzinda wa Offenbach ku Germany. Ziwiri zodziwika kwambiri ndi Rêverie ndi Introduction et Caprice. Mu Rêverie, dzina lotanthauza kulota uli maso, muli kaimbidwe kofunika kukamvetsa. Vuto la gitala ndi lakuti ukakhudza nsambo, mawu amayamba kuzilala nthawi yomweyo. Munthu woimba pakamwa kapena wa vayolini angathe kukoka mawu amodzi nthawi yaitali, koma wagitala sangathe. Pofuna kugonjetsa vutoli, zala za dzanja lamanja zimakhudza nsambo imodzi motsatizana mwaliwiro kwambiri, chala chachikulu chikuyendetsa besi, mpaka khutu limanyengeka n'kumamva ngati mawu amodzi osaduka. Kaimbidweka amakatcha tremolo. Anthu ambiri amakadziwira ku nyimbo ya Francisco Tárrega wa ku Spain yotchedwa Recuerdos de la Alhambra, koma Regondi adali atakalemba kale zaka zambiri nyimbo imeneyi isadapekedwe.

Nyimbo za Regondi n'zovuta kuimba, koma kuvutako sikongofuna kudzionetsera. Zimayenda mofatsa, zimasintha makiyi mosayembekezereka, ndipo zambiri zili ndi kachisoni kena kosabisika. Amene amadziwa nyimbo za piyano za Chopin ndi Mendelssohn amamva mzimu womwewo m'gitala ya Regondi.

KUBWERA KWA BAMBO UJA

Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Patapita zaka zambiri, ndalama zija zitatha, bambo uja adalembera Regondi kalata yodandaula kuti wasauka ndipo akudwala. Anthu amene adalemba mbiriyi akuti Regondi sadabweze choipa. Adamuthandiza munthu yemwe adamutsekera m'chipinda ndi kumubera, namusamalira pa ukalamba wake. Pa zonse zimene zidalembedwa za Regondi, mwina ichi ndicho chovuta kuposa nyimbo iliyonse imene adaimba.

Regondi mwini adadwala khansa nthawi yaitali ndipo adamva zowawa kwambiri. Adamwalira ku London pa 6 May, 1872, asadakwanitse zaka 51, naikidwa m'manda a Akatolika a St Mary's ku Kensal Green mumzinda womwewo.

KUIWALIKA NDI KUPEZEKANSO

Makina ojambulira mawu adawapanga Thomas Edison m'chaka cha 1877, patangopita zaka zisanu Regondi atamwalira. Choncho palibe munthu wamoyo lero amene adamvapo kaimbidwe kake. Amene adamumva atatha kumwalira, dzina lake lidayamba kuzimirira.

Zida zake ziwiri nazonso zidatenga njira zina. Konsetina idatuluka m'maholo a anthu olemera. Mtundu wina wotsika mtengo, wochokera ku nzeru ya Carl Friedrich Uhlig wa ku Germany, umene batani limodzi limatulutsa mawu awiri, ena pokankha ena pokoka, udafala pakati pa anthu wamba, amalinyero ndi alimi. Mtundu umenewu ndiwo udafika ku South Africa, kumene Mabunu, Azulu ndi Asutu adaupanga kukhala wawo, ndipo unkamveka kwambiri m'makomboni a ku migodi ya Johannesburg, komwe agogo athu ambiri adakagwirako ntchito. Chidacho chidapulumuka, koma nyimbo zovuta za Regondi zidasowa woziimba. Gitala nayo idadzukanso m'zaka za m'ma 1900 kudzera mwa Andrés Segovia ndi anzake, koma chidwi chawo chidali pa nyimbo za ku Spain ndi za opeka ena, ndipo za Regondi zidakhalabe m'makabati.

Chidamupulumutsa ndi pepala. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 nyimbo zisanu zija zidasindikizidwanso, ndipo oimba gitala adadabwa kuti chuma chotere chidabisala kuti. Kenaka m'chaka cha 1987 wofufuza mbiri ya gitala Matanya Ophee adapeza ku Moscow, m'dziko la Russia, nyimbo khumi zophunzirira gitala za Regondi zokopedwa pamanja, zimene zidali zisadasindikizidwepo zonse pamodzi. Adazisindikiza m'chaka cha 1990. Taonani ulendo wa mapepala amenewa: nyimbo za munthu wokhala ku London, zokopedwa ndi munthu wina wozikonda, zosungidwa ku Russia zaka zoposa zana limodzi, kudutsa nkhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse! M'zaka za m'ma 1990 oimba monga David Starobin pa gitala ndi Douglas Rogers pa konsetina adajambula nyimbo za Regondi, ndipo lero zimaphunzitsidwa m'masukulu a zoimba ndi kuimbidwa pa mipikisano ya gitala m'maiko ambiri.

TITOLEPO CHIYANI?

Kwa inu makolo, mbiri imeneyi ikutikumbutsa kuti luso la mwana si munda woti mkulu azikololamo yekha. Kulimbikitsa mwana n'kofunika, pakuti m'mera mpoyamba, ndipo palibe katswiri amene adafika pamwamba osatuluka thukuta. Koma pali kusiyana pakati pa kulera luso ndi kulikama. Wolera amafunsa kuti mwanayu adzakhala munthu wotani akadzakula. Wokama amangofunsa kuti lero abweretsa zingati. Bambo wa Regondi adaphunzitsa zala za mwanayo n'kuiwala mwana mwini wake, ndipo pa mapeto pake adadzapempha chifundo kwa yemweyo adamulakwira. Mabanja amene adamulandira mnyamatayo sadapindule kanthu, koma popanda iwo sitikadakhala ndi nyimbo zimene tikukambazi.

Kwa ife ophunzira, phunziro loyamba ndi lakuti chiyambi chowawa sichilamula mathero a munthu. Regondi sadasankhe ubwana wake, koma adasankha chochita ndi luso limene adatuluka nalo, ndiponso adasankha kusasunga mangawa. Phunziro lachiwiri ndi la konsetina: adatenga chida chimene ambiri ankachiyesa choseweretsa, nachigwirira ntchito modzipereka mpaka akatswiri adayamba kuchipekera nyimbo. Ntchito imalemekezeka ndi manja a woigwira.

Phunziro lomaliza ndi la onse opeka nyimbo pakati pathu. Kuomba m'manja konse kwa ku Paris, London ndi Leipzig kudatha usiku womwewo. Chimene chidatsala ndi chimene chidalembedwa. Nyimbo zingati zokoma za kwathu kuno zapita kumanda pamodzi ndi eni ake chifukwa zidangokhala m'mutu? Ngati mwapeka nyimbo, ilembeni, ikani dzina ndi chaka, ndipo mupatseko mnzanu aisunge. Simudziwa kuti adzaipeza ndani, kapena liti.